Ana a Sande sukulu ndiwaphunzitse bwanji zoti Yesu anagonjetsa imfa?

Mphunzitsi wa ana, Zingwangwa

Moni nonse. Ndithandizeni nzeru. M'kalasi mwathu muli ana 34, a zaka 4 mpaka 8, ndipo Pasaka wayandikira. Phunziro lomwe tapatsidwa ndi la pa 1 Akorinto 15, lakuti imfa inagonjetsedwa. Koma mwa anawa atatu aferedwa chaka chino chomwe, mmodzi mayi ake enieni. Komanso kuno anthu sanaiwale za namondwe wa Freddy, ana ena amasowa mtendere mitambo ikangoda kuphiri la Soche. Ndikaimirira n'kunena kuti imfa ilibe mphamvu, mwana amene anaona bokosi la mayi ake likutsitsidwa m'manda andimva bwanji? Ndiyambire nkhani iti, mawu oyenera ndi ati, nanga pali choti ana achite ndi manja? Timakhala ndi mphindi 40, mabuku a zithunzi tilibe, wondithandiza ndi mmodzi.

Woyang'anira Sande sukulu, Ndirande

Aphunzitsi, musayambire pa 1 Akorinto 15. Chaputala chimenecho Paulo analembera akuluakulu amene ankatsutsana za kuuka kwa akufa, chili ndi mavesi 58, ndipo mulibe nkhani yoti mwana aione m'maganizo mwake. Limenelo ndi denga, muliike pomaliza. Mwana amagwira nkhani ya munthu amene ali ndi dzina, ali ndi abale, anadwala, anthu analira. Ngati nthawi ilipo, ligaweni phunziroli m'masabata anayi, lomaliza likhale la Pasaka.

Sabata yoyamba, mwana wa Yairo, Marko 5:21-24 kenako 35-43. Mavesi apakatiwo, a mayi wodwala matenda otaya magazi, adumpheni, angosokoneza ana. Mtsikana wa zaka 12 wamwalira, pakhomo pali chiphokoso cha olira monga zimakhalira pa siwa, Yesu alowa ndi makolo ndi ophunzira atatu, amugwira dzanja, mwana adzuka nayamba kuyenda. Musasiye vesi lomaliza, pamene Yesu akuti amupatse chakudya. Afunseni ana kuti akanakhala iwo akanamupatsa chiyani. Adzatchula phala, nthochi, mbatata, mandasi, ndipo alekeni atchule, chifukwa mfundo yake ndi imeneyo: wodzukayo ndi mwana weniweni, wamva njala. Pa vesi 39 Yesu akuti mwanayo sanafe koma wagona. Mukawerenga pamenepo onjezani msanga kuti mtsikanayu anali atamwaliradi, koma kwa Yesu kumudzutsa kunali kosavuta ngati kudzutsa wogona.

Sabata yachiwiri, Lazaro, Yohane 11. Apa ndi pokhalitsa, makamaka chifukwa cha ana anu atatu aja. Lazaro wakhala m'manda masiku anayi. Marita akuuza Yesu kuti akanafika msanga mlongo wake sakanamwalira, Mariya akubwereza mawu omwewo, ndipo Yesu sakuwakalipira. Kenako vesi 35, Yesu analira. Imani pamenepo, afunseni ana kuti ankalira chifukwa chiyani pomwe ankadziwa kuti amuukitsa. Mwana woferedwa ayenera kumva kuchokera pakamwa pa mphunzitsi wake kuti kulira si kuchepa chikhulupiriro. Ambiri amauzidwa kunyumba kuti "usalire, ukuwaliritsa akuluakulu," ndiye amangomeza.

Sabata yachitatu, Lamulungu la Kanjedza, imfa ya Yesu. Ifotokozeni mwachidule: anamugwira, anamupachika, anamwaliradi, anzake anamuika m'manda ali achisoni. Za misomali, zikoti ndi magazi musazitambasule kwa ana osafika zaka 6, ndipo mavidiyo a kupachikidwa aja a pa foni musawaonetse, amawalotetsa usiku. Musawabalalitse Yesu ali m'manda kuti adikire sabata yathunthu. Tsekani ndi mawu amodzi, kuti nkhaniyi sinathere pamenepa, tsiku lachitatu anauka, tidzamva bwino sabata yamawa.

Pa Pasaka penipeni tengani Yohane 20 ndi Luka 24:36-43, pamene akuwaonetsa manja ndi mapazi nadya nsomba yootcha. Apa ndiye muwauze kusiyana komwe kuli mtima wa phunziro lonseli. Mwana wa Yairo ndi Lazaro anauka, koma anadzamwaliranso. Yesu anauka ndipo sadzafanso, Aroma 6:9. Kugonjetsa imfa n'kumeneko. Tsopano mukhoza kutenga 1 Akorinto 15:55, vesi lofunsa imfa kuti mbola yake ili kuti. Mawu akuti mbola ana ambiri a m'tauni sawadziwa, koma njuchi amazidziwa. Njuchi ikaluma, mbola imatsala pakhungu. Imatha kulirabe pakhutu n'kukuopsa, koma singalumenso. Imfa ikadalipo ndipo imatiliza, koma mbola yake inatsala mwa Yesu.

Mphindi 40 zija mukhoza kuzigawa chonchi: 5 nyimbo, 10 nkhani, 5 mafunso a ana, 12 zochita ndi manja, 5 vesi loloweza, 3 pemphero. A zaka 4 ndi 5 nkhani yopitirira mphindi 7 amayamba kukokana malaya, choncho mukatha nyimbo apatuleni, apite ndi wokuthandizani uja. Vesi loloweza likhale limodzi masabata onse anayi, chigawo choyamba cha Yohane 11:25, "Ine ndine kuuka ndi moyo." Pokonzekera werengani Buku Lopatulika ndi Buku Loyera limodzi. Chichewa cha Buku Lopatulika ndi cha mu 1922, mawu ngati chisavundi mwana sangawamve, pomwe Buku Loyera la mu 1998 ndi lopepukirako. Koma pamaso pa ana nkhaniyo ikambeni pamtima ngati nthano, Baibulo lili chitsegukire pamiyendo kuti aone kumene ikuchokera.

Mlangizi wa ana, Limbe

Ndondomeko ili pamwambayi ndi yabwino. Ine ndiwonjezere za mmene mwana amamvera, chifukwa phunziro limeneli likhoza kumupweteka mwana pomwe mphunzitsi akuyesa kumutonthoza.

Pali zinthu zinayi zimene mwana amaphunzira pang'onopang'ono za imfa: kuti thupi lasiyiratu kugwira ntchito, kuti womwalira sabwerera, kuti aliyense adzamwalira, ndiponso kuti imfa ili ndi choyambitsa chake. Wosafika zaka 5 amaiona ngati ulendo, munthu apita abweranso. Zimayamba kukhazikika pakati pa zaka 5 ndi 7. Ndiye taganizani, mwana wa zaka 4 amene akudikira kale kuti amayi abwera, mwamuuza kuti Yesu anauka tsiku lachitatu. Iye awerenga masiku atatu n'kukakhala pakhomo. Akapanda kubwera, aganiza kuti aphunzitsi ananama, kapena kuti amayi sakumufuna. Choncho nthawi iliyonse mukatchula kuuka, tchulaninso nthawi yake momveka: "Yesu anauka tsiku lachitatu. Amayi ako adzauka tsiku limene Yesu adzabwerenso. Tsikulo si mawa, si Pasaka uno, ndipo palibe munthu akulidziwa. Kunyumba sabweranso." Ndi mawu olemera kuwatchula, koma opanda iwowa chiyembekezo chimasanduka kudikira pageti.

Mawu athu aulemu aja ndi abwino pakati pa akuluakulu, koma mwana amawamva monga mmene alili. Mukati "agona," amaopa kugona, kapena amadzutsa azakhali ake usiku kuti aone ngati akupuma. Mukati "atisiya," amafunsa mumtima kuti walakwa chiyani kuti amusiye. "Atsogola" amafuna awatsatire. "Mulungu wawatenga chifukwa amawakonda" ndiye woopsa kwambiri m'kalasi ya Sande sukulu, chifukwa sabata iliyonse mumamuimbitsa kuti Yesu amakonda ana. Iye aphatikiza ziwirizo n'kuyamba kuopa kukondedwa ndi Mulungu. Nenani kuti "amwalira," ndipo mufotokoze: mtima wasiya kugunda, sakupuma, sakumva njala, sakumva kuzizira, sakumva kuwawa. Ana ambiri chimene chimawasautsa ndi chakuti mvula ikugwa, amayi akunyowa kumanda, kuli mdima, apuma bwanji ndi dothi lonse lija. Sanena pokhapokha wina atayamba kuyankha.

Musanafike sabata yoyamba, pitani kwa amene akusunga ana atatuwo, mukafunse zinthu zitatu: mwana anauzidwa chiyani, akukhala ndi yani tsopano, ndipo kodi anaona nkhope kapena anafika kumanda. Funso loyambalo ndilo lalikulu. Alipo mabanja amene amauza mwana kuti bambo apita ku Joni, kapena kuti amayi akadali ku Queens. Ngati zili choncho, si udindo wa mphunzitsi kuulula m'kalasi, komanso musavomereze bodzalo. Khalani pansi ndi womusungayo, ngati n'kotheka ndi amalume ake ndi mkulu wa mpingo wa mlaga wawo, muwafotokozere kuti mwana adzamva kwa anzake posewera, ndipo akadzamva choncho sadzakhulupiriranso wamkulu aliyense. Amuuze ndi munthu amene amamukhulupirira, kunyumba, masana, osati pokagona.

M'kalasi musawatchule mayina kapena kuwaimika kutsogolo kuti tiwapempherere, pokhapokha mwanayo atafuna yekha. Akhale pafupi ndi wokuthandizani, ndipo adziwiretu kuti akafuna kutuluka atuluke naye. Mukaona mwana walira mphindi ziwiri kenako wathamangira phada kapena mpira, musati sizinamukhudze. Ana chisoni amachimwa pang'onopang'ono. Ena amasewera maliro pamasanje, kukwirira chitsononkho, kuimba nyimbo, kuika maluwa. Asamenyedwe n'kuuzidwa kuti akuitana tsoka, akuyesa kumvetsa zimene anaona.

Mafunso awiri muwayankhe ngakhale asafunse. Loyamba, kodi ndine ndachititsa? Mwana amene anakana kutumidwa kapena ananena mawu oipa atakwiya amatha kukhulupirira kuti ndiye wapha, ndipo nkhani za ufiti zimene amazimva akuluakulu akunong'onezana pamaliro zimaonjezera. Muuzeni kuti palibe chimene ananena, kuganiza kapena kuchita chimene chinabweretsa imfayo. Tchulani choyambitsa mwachidule, kuti anadwala matenda aakulu kwambiri, osiyana ndi chimfine kapena chifuwa chimene iye amadwala n'kuchira. Lachiwiri, andisamala ndani? Limeneli musayankhe kuti Mulungu basi. Tchulani anthu: agogo ako akuphikira, amalume ako akulipirira kusukulu, ife tili pano Lamulungu lililonse.

Za Freddy. Namondweyu anagwa mu Malichi 2023, ndipo Pasaka amakhala pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, nyengo yomweyo mvula isanatheretu. Kwa ana a ku Chilobwe, Manja ndi kuzungulira Soche, amene anamva miyala ndi matope zikutsika m'phiri, gwiritsani ntchito Yohane m'malo mwa Mateyu. Mateyu 27:51-53 ali ndi chivomezi, miyala kung'ambika ndi manda kutseguka, ndipo pa 28:2 palinso chivomezi china. Kwa Yohane kuli zii, mmawa kusanache, Mariya wa Magadala apeza mwala wachotsedwa kale, kenako amva dzina lake likutchulidwa.

Kukodza pogona, kukakamira wamkulu, kulusa ndi kubwerera ku zachibwana ndi zoyembekezeka masabata oyamba. Koma ngati papita miyezi iwiri itatu zisakuchepa, mwana sakudya, akuonda, akulota zoopsa usiku uliwonse, wasiyiratu kusewera, apite naye kuchipatala. Ndipo akanena kuti akufuna afe kuti akaone amayi, musadikire miyezi, uzani womusunga tsiku lomwelo, asamasiyidwe yekha, mankhwala a makoswe ndi a mbewu achotsedwe poti angafikire. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana. Pachifukwa chomwechi, kumwamba musakukometse mpaka mwana aone ngati kuno kulibe ntchito. Muuzeni kuti Mulungu akufuna iye akule, aphunzire, adye, asewere.

Katekisiti, Chilomoni

Za zochita ndi manja ndiyankhe ine. Pali ziwiri zimene zimayenda bwino ndi ana a Tilitonse, Sande sukulu ya ife Akatolika, ndipo sizifuna ndalama.

Yambani ndi manda, chifukwa apa ambiri timaphonya. Mwana wa kuno manda amene amawadziwa ndi dzenje lokumbidwa ndi adzukulu, bokosi pansi, mtumbira pamwamba, nkhata za maluwa. Mukamuuza kuti mwala unachotsedwa ndipo Petro analowa, samva kanthu, kapena aganiza kuti anafukula. Manda a Yesu anali osemedwa m'thanthwe ngati kachipinda, polowera pake n'kutsekapo ndi chimwala, ndipo mtembo unkakulungidwa m'nsalu, wopanda bokosi. Aumbeni aone. Ana 34 agaweni m'magulu asanu ndi limodzi. Gulu lililonse likhale ndi beseni lakale kapena lichero lotha, dothi lonyowa, chitini chopanda kanthu, mwala wafulati woposa kukamwa kwa chitinicho, timitengo tiwiritiwiri tomanga ndi ulusi wa thumba, ndi kansalu koyera. Chitini chigonekeni chammbali, muchikwirire ndi dothi kusiya kukamwa kokha, mitanda itatu pamwamba. Milomo ya chitini muiphwanye ndi hamala kunyumba, imacheka zala. Mukawaza mawere pang'ono pamwamba pa Lamulungu la Kanjedza n'kumathirira, pofika Pasaka kaphiri konse kabiriwira.

Ena amaika kamtengo kokulunga nsalu mkatimo n'kudzakachotsa mobisa Loweruka kuti ana adabwe. Musatero. Wa zaka 7 adzanena kuti mwachotsa ndinu, ndipo adzakhala akunena zoona, ndiye mwamuphunzitsa nokha mphekesera ya pa Mateyu 28:13 yoti thupi linabedwa. Alekeni ana akunkhunize mwala okha, atulutse kamtengoko okha, apinde kansalu n'kukasiya mkati, akudziwa kuti ichi ndi chifanizo chabe.

Chachiwiri ndi mbewu, Yohane 12:24 ndi 1 Akorinto 15:36-38. Mwana aliyense nyemba zitatu, ndiye 102, kapu imodzi ya tiyi ikwana n'kutsala. Tengani nyemba zakudya za pamsika, zatsopano, zosafumbwa. Mbewu yamusitolo yopaka utoto ija ili ndi mankhwala, ana amaika m'kamwa, isayandikire. Kutatsala masabata awiri yesani nyemba 10 pa kansalu konyowa. Zikamera zosafika 8, sinthani. Mabotolo a pulasitiki oonekera mkati a theka la lita aduleni pakati, pansi muboole mabowo anayi ndi msomali wamoto. Dothi lakuda magawo awiri, mchenga gawo limodzi. Nyemba ziviikeni usiku umodzi wokha, zikapitirira pamenepo zimayamba kuwola. Dzalani kuya kwa mfundo imodzi ya chala chanu, masentimita awiri kapena atatu, ndipo imodzi muigundike kukhoma la botolo kuti muzu uzioneka. Madzi zivindikiro za botolo zitatu kapena zinayi patsiku, dothi likhale lonyowa koma losatuluka madzi mukalifinya. Nyengo ya Pasaka zimamera masiku 5 mpaka 7, choncho dzalani pa Kanjedza. Mukachita phunziroli mu Juni kapena Julayi, kozizira kuja, perekani masiku 10 kapena kuposa.

Zimene zimalakwika: ana amathira madzi ambiri chifukwa cha chikondi, nyemba n'kuwola. Amafukula tsiku lililonse kuti aone. Nkhuku ndi makoswe zimadya. A zaka 4 amalowetsa nyemba m'mphuno ndi m'khutu, ndiye kwa iwowo nyemba igwireni ndinu mpaka ilowe m'dothi. Mabotolo asapite kunyumba sabata imeneyo, asungeni pamalo amodzi powala, ndipo dzalani ena 10 apadera. Chifukwa chake n'chachikulu. Mwana woferedwa botolo lake likapanda kumera pomwe a anzake amera, iye amva kuti amayi ake ndiwo sadzauka. Likakanika mupatseni lina poyera, mumuuze kuti mbewu zathu zina zimakanika koma lonjezo la Mulungu silidalira nyemba.

Dzalaninso chimanga m'mabotolo awiri kapena atatu. Nyemba imatuluka yonse pamwamba, pomwe njere ya chimanga imatsala pansi n'kumafwapa mmera ukamakula. Pakatha masabata awiri zulani umodzi, ana agwire kachikhungwa kofwapako ndi tsamba lobiriwiralo. Mfundo ya Paulo ndi imeneyo, kuti chofesedwa ndi chomera n'chimodzi, koma chomeracho n'chokongola kuposa. Muwauzenso mosabisa kuti munthu si nyemba, kuthirira madzi pamanda sikumudzutsa, amene adzamudzutse ndi Mulungu. Mukapanda kunena, alipo amene adzapemphe kupita ndi botolo la madzi kumanda.

Mazira a chokoleti ndi akalulu a m'masitolo aja asiyeni. Kalulu wa m'nthano zathu ndi wonyenga, sagwirizana ndi nkhani imene tikufuna ana aikhulupirire. Ndipo Njira ya Mtanda ya kuphiri la Michiru pa Lachisanu Loyera ndi ya akulu ndi achinyamata, chitunda chija ndi khamu lija si za mwana wa zaka 5.

Mkulu wa mpingo, Bangwe

Pamfundo imodzi ndipemphe tisamale, abale. Ana adzafunsa kuti nanga panopa ali kuti, ndipo apa mipingo yathu siyankha mofanana. A CCAP, Akatolika, a Anglican ndi a Pentekoste ambiri amaphunzitsa kuti thupi lili m'manda koma mzimu wa wokhulupirira uli ndi Ambuye, potengera Luka 23:43 ndi Afilipi 1:23, ndipo Akatolika amapemphereranso akufa, makamaka pa 2 Novembala. Ife a Adventist timati akufa akupumula osadziwa kanthu mpaka Yesu adzabwere, Mlaliki 9:5 ndi 1 Atesalonika 4:16. M'makomboni mwathu muno mwana amatsatira mnzake ku Sande sukulu ya mpingo wina, ndipo woferedwa amasamukira kwa azakhali opemphera kwina. Phunzitsani za mpingo wanu, koma mwana akati kwathu anandiuza zina, musamuuze kuti akwanu akunama. Muuzeni chimene tonse timagwirizana: sakumva kuwawa, Mulungu akumusunga ndipo sanamuiwale, adzauka ndi thupi. Zoti womwalira wasanduka mngelo kapena nyenyezi, kapena kuti akukuyang'ana nthawi zonse, m'Baibulo mulibe, ndipo zomalizazo zimaopsa mwana akakhala yekha m'chipinda.

Wina adzati bambo anga sankapemphera, kodi ali kumoto? Mphunzitsi si woweruza. Yankhani kuti amene amadziwa mtima wa munthu ndi Mulungu yekha, ndipo ndi wolungama komanso wachifundo. Za moto si phunziro la ana a msinkhu umenewu.

China chimene sichinatchulidwe bwino ndi mizukwa ndi ndondocha. Mwana wa kuno anamva kale za akufa oyenda, kwa anzake ndi m'mafilimu a m'mavidiyo show, ndipo zonse ndi zoopsa. Mukangoti akufa adzatuluka m'manda, ena amva zimenezo. Asiyanitseni poyera. Luka 24:37-39 akunena kuti ophunzira nawonso anaopa kuyesa aona mzukwa, ndipo Yesu anawauza amukhudze. Mzukwa wa m'nkhani zija umabisala, umayenda usiku, anthu amauthawa. Yesu woukayo ankapereka moni wa mtendere, ankaitana anzake ndi mayina, ndipo pa Yohane 21 anawakonzera nsomba pamakala m'mbali mwa nyanja kutacha.

Mphunzitsi wa ana, Zingwangwa

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse. Latsala funso limodzi lomwe ndikuliopa pa sabata ya Lazaro. Mwana akati, "Ifenso tinapemphera, bwanji Yesu sanawadzutse amayi anga?" ndiyankhe chiyani?

Mayi wa Mvano, Machinjiri

Achemwali, funso limenelo libwera ndithu, ndipo likabwera dziwani kuti mwana wamvetsera bwino. Musathamangire kuyankha muli chiimire. Khalani pansi mufanane naye msinkhu, mumuuze kuti wafunsa funso labwino, lomwe Marita ndi Mariya anafunsanso.

Mayankho atatu awa asatuluke pakamwa panu: kuti chikhulupiriro chinachepa, kuti panali tchimo kapena temberero m'banja, ndi kuti Mulungu ankawafuna kwambiri kumwamba kuposa iwe. Oyamba awiri amasenzetsa mwana mlandu, lachitatu limamudanitsa ndi Mulungu.

Muuzeni zoona zake. M'Mauthenga onse anayi, anthu amene akufotokozedwa kuti Yesu anawaukitsa akuyenda ndi ophunzira ake ndi atatu okha: mwana wa Yairo, mnyamata wa mayi wamasiye wa ku Naini pa Luka 7, ndi Lazaro. Maliro ankachitika m'midzi yonse masiku amenewo, ndipo ambiri anaikidwa osauka. Yohane Mbatizi, m'bale wake wa Yesu yemwe, anaphedwa, ophunzira ake anakamuika, nabwera kudzauza Yesu, ndipo Yesu anachoka pa ngalawa kupita kwayekha, Mateyu 14:12-13. Sanamuukitse. Ana a zaka 7 ndi 8 nkhani imeneyi amaimva, ngakhale za kudula mutu zija simuyenera kuzitchula. Atatu aja anali ngati chimanga choyamba kucha chimene timalawa munda wonse usanakololedwe.

Mawu ake akhoza kukhala otere: "Sindikudziwa chifukwa chimene amayi ako sanachire. Pemphero lako Mulungu analimva, sunalakwitse popemphera. Yesu akumva chisoni limodzi nawe monga analirira Lazaro. Analonjeza kuti tsiku lina adzadzutsa onse ake, ndipo kudzakhala kopanda maliro." Vesi lake ndi Chivumbulutso 21:4, la kupukuta misozi. Mukatero khalani chete. Akalira musamuletse, akafuna kukasewera apite. Adzafunsanso funso lomwelo sabata yamawa ndi inayo, ndipo muziyankha ndi mawu omwewo osasintha, chifukwa akuyesa ngati yankho likadali pomwepo.

Mukamapita kwa omusunga monga ananenera alangizi aja, funsaninso nyimbo zimene zinaimbidwa pa siwa ndi kumanda. Nyimbo zathu zambiri za kuuka ndi zomwenso timaimba ponyamula bokosi, ndipo mwana akaimva mwadzidzidzi m'kalasi imamubwezera pa tsiku lija. Sankhani zina, zaufupi, zoomba m'manja. Ngati mwana sanafike kumanda ndipo akufunsa, banja limutengereko tsiku labata, masana, ndi munthu mmodzi kapena awiri, atamufotokozera kale zimene akaone. Asakakamizidwe. Chitenje chimodzi kapena chithunzi cha mayi ake chisapite ndi ogawana katundu, chisungidwe cha iyeyo.

Ndipo lembani m'kabuku kanu mwezi umene aliyense wa atatuwo anaferedwa, kuti chaka chamawa mudzakumbukire kumuyendera. Lembaninso 15 Okutobala. Sabata imeneyo makalasi ambiri amajambulitsa ana makadi a Tsiku la Amayi, ndipo mwana wanu uja adzangokhala wagwira pensulo. Mudzamufunsiretu pambali ngati akufuna kujambulira amene akumulera, kapena kujambula mayi ake n'kusunga yekha.